Chokokera cha Bakhtmir

Zarwali anali mnansi wanga pamsika wa osula mfuti m'tauni ya Darra, bambo wamtali wa ndevu zofiira, wodziwa kugwira tupa kuposa tonse mumzere wathu. Tsidya lina la msewu kunali shopu ya Bakhtmir, mwana wa bambo ake aang'ono, yemwe makina adamudula zala ziwiri.

Chifukwa cha zalazo, Bakhtmir ankavutika ndi kachitsulo kam'mbali mwa mfuti, kamene munthu amakoka kuti chipolopolo chilowe. Ndiye adasula chokokera chakechake, chotakata, chopindika ngati mbedza. Mbusa wina wakumapiri adachiyesa m'nyengo yachisanu, manja atauma gwa, n'kukauza anzake. Posakhalitsa anthu ankangopereka moni pakhomo pa Zarwali n'kuwoloka msewu.

Zarwali adayamba kuonda. Ankauza aliyense kuti chinthucho ndi supuni, si ntchito ya mmisiri, koma maso ake sankachoka kutsidyako. Kenako adapanga chake, chachitali kuposa cha mnzake, n'kuchigoba maluwa. Wogula woyamba atapita kukachiyesa kuseri kwa msika, chidakola chofunda chake n'kuching'amba. Msika wonse udaseka.

Madzulo ake Bakhtmir adabwera atanyamula ketulo ya tiyi.

"Achimwene, oda yandichulukira. Tupa lanu ndi losalala, bwanji tigwirire limodzi?"

"Ndizikupalirani masupuni, ine? Tiyi ndili naye wanga."

Chimene chidamupweteka zedi Zarwali chidachitika pa chikondwerero cha Idi. Mkamwini wake adabwera kudzacheza, n'kuyedzamiritsa mfuti kukhoma, mbedza ya Bakhtmir ikunyezimira pamenepo. Zarwali adakankha mbale ya mpunga, nati m'mimba simuli bwino. Mwana wake wamkazi adalira, mkazi wake n'kumufunsa ngati akufuna kuthetsa banja la mwana chifukwa cha kachitsulo.

Chaka chimenecho Zarwali adazisiya zachitsulo, n'kuyamba kusema matako a mfuti, mbali yamtengo ija yotsamira paphewa. Adatchuka nazo, ogula ankachokera mpaka kumzinda wa Peshawar, komabe akamva wina akutama chokokera chija ankalavula pansi.

Bakhtmir atamwalira, Zarwali adanyamula nawo maliro kuyambira kumzikiti mpaka kumanda, osalola wina kumulandira. Pobwerera ndidamuona akupukuta maso ndi nsonga ya nduwira. Adandigwira mkono nati, "Ukudziwa, mbedza ija ndidayamba kuiganiza ndine. Kungoti ndidali wotanganidwa."