Nyemba za Kumunsi kwa Shedi

Atanditumiza kukaphunzitsa ku Bolero kuchokera kwathu ku Mulanje, ndinachita lendi kanyumba pakhomo pa bambo wina wokonza mabatire a galimoto. Otheratu ankawaphwanya kuseri kwa shedi n'kusungunula mtovu wake pambaula. Madzi ake ndi phulusa ankangokhuthulira pansi, ndipo mvula ikagwa zonse zinkatsikira m'munda wa akazi awo. M'mundamo ankalima nyemba zofiira, zimene kumeneko amati ntchunga, n'kumakagulitsa pamsika.

Pakhomopo pankakhalanso mlongo wa bamboyo, mayi wamasiye amene anabwerera kwawo atalandidwa katundu ndi abale a mwamuna wake. Ankagona m'khitchini yakale ndi mwana wake wamkazi. Mwanayo anali m'kalasi mwanga, Sitandade 1, ndipo anali wochangamuka kuposa anzake onse.

Tsiku lina kunabwera mlangizi wa zaumoyo. Wamasiye uja anali kuganyu yosoka fodya, koma ine ndinali pakhonde ndikuchapa, ndiye ndinamva zonse. Mlangiziyo anatsata ngalande kuchokera pashedi mpaka m'munda. Anawauza kuti mtovu umalowa m'dothi ndi m'mbewu, kuti kuphika sikuuchotsa, ndiponso kuti umawononga kwambiri ana.

"Yewo chomene, adada, tamva," anathokoza motero m'Chitumbuka mayi a pakhomopo atagwada.

Anamvadi. Kuyambira pamenepo ana awo ankadya nyemba zogula kwa ena. Za m'munda zinkapitabe kumsika, ndipo zosweka ndi zofumbwa anayamba kupatsa mlamu wawo uja, mbale yodzaza, chonsecho kale ankamumana ngakhale mchere. Iye anabwera kwa ine akusangalala, kudzandiuza kuti alamu ake asintha mtima.

Ndinamufotokozera zimene mlangizi ananena. Madzulo ake anakafunsa achimwene ake, ndipo mawu ankamveka mpaka kwanga.

"Ndiye ukufuna ndizikugulira nyama?" anatero bamboyo.

"Ngati ndi poizoni, bweza," anawonjezera akazi awo. "Kumsika alipo ozifuna."

M'mawa mwake mayi a pakhomo aja anandipeza ndikutseka chitseko.

"Aphunzitsi, kodi munabwera kudzaphunzitsa ana kapena kudzapasula mabanja? Mupeze kwina kokhala."

Ndinasamukira pafupi ndi sukulu. Eni pakhomo anasiya kumupatsa wamasiye uja chilichonse, ngakhale ufa, ndipo inali nthawi ya njala, chimanga chisanache. Ndinkamutumizira kangachepe kudzera mwa mwanayo, koma iwo atazindikira anauza wamasiyeyo kuti akalandiranso za mlendo achoke pakhomopo. Ndinakauza mlangizi uja. Atapitako eni pakhomo anamulonjeza kuti munda ausiya, koma iye atangochoka zonse zinapitirira monga kale.

Njala itamukulira, wamasiyeyo anakapepesa. Alamu ake anaitana amayi oyandikana nawo, n'kumuuza kuti anene pamaso pawo kuti nyembazo n'zabwino ndipo mphunzitsi ananama. Ananena atagwada. Kenako anamupatsa mbale ija.

Chaka chisanathe mwanayo anasintha. Ankadandaula m'mimba kawirikawiri, ankawodzera m'kalasi, ndipo zilembo zimene ankalemba bwinobwino anayamba kuzisokoneza. Ndikamufunsa funso ankangondiyang'ana. Kuchipatala anati magazi ndi ochepa, koma kukayezetsa mtovu kunali kutali ndipo mayi ake sakanatha kufikako. Sindingalumbire kuti zinali nyemba zokha, pakuti ankaseweranso pafupi ndi shedi. Mayi a pakhomo aja ankauza anthu kuti mwanayo anatengera uchitsiru wa kwa bambo ake.

Chaka chotsatira sanabwerenso kusukulu. Nditatsala pang'ono kusamutsidwa ndinakumana ndi mayi ake pamsika. Anali atawaika pabenchi kuti azigulitsa nyemba za alamu awo, mwana atakhala pansi pambali pa thumba. Mwanayo ndinamutchula dzina, koma sanadzutse mutu.

"Aphunzitsi," anatero mayi ake motsitsa mawu, "musaime pano nthawi yaitali. Akationa, lero sitidya."