Kadontho Kopanda Dzina

Ine ndine Nirupama Behera, ndipo ndaphunzitsa ana a pulayimale ku Baunsapada, kumadzulo kwa chigawo cha Odisha ku India, kwa zaka pafupifupi makumi atatu. Mundifunse utali wa mtsinje wa Ganga, chaka cha nkhondo ya Kalinga, kapena chimene chimachititsa kadamsana, ndikuyankhani musanameze malovu. Ana ankanditcha Buku Loyenda, ndipo ndisaname, dzinalo linkandikomera. Koma pa khoma la sukulu yathu panali kadontho kamodzi kamene sindinkakadziwa, ndipo m'malo mofunsa bwinobwino, ndinalamula kuti kafufutidwe. Mwini wake anali a Trilochan Maharana, mmisiri wojambula mapu pa makoma a sukulu. Mbiri yawo ndinaimva mochedwa, kwa akazi awo a Ketaki.

A Trilochan anabadwira ku Sunamuhan, kamudzi ka m'mbali mwa mtsinje, m'banja la amisiri openta milungu ya m'kachisi. Sukulu analekezera kalasi yachinayi, koma dzanja lawo linali losanjenjemera, moti ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndiwo ankapatsidwa ntchito yojambula maso a milunguyo. Anakwatira a Ketaki, mkazi wamfupi, wosachulutsa mawu, ndipo anadikira zaka zisanu ndi chimodzi kuti aone mwana. Mwanayo anabwera mu 1983, nthawi ya mvula, wamkazi.

Kwathu kuno mwana amapatsidwa dzina pa tsiku la makumi awiri ndi limodzi. Mpunga wa phwando unali utapunthidwa kale, achibale ataitanidwa, dzina a Trilochan atalisankha koma osauza munthu, ngakhale mkazi wawo. M'mawa uliwonse a Ketaki ankatapa mwaye wa nyali wosakaniza ndi mafuta n'kumudonthoza mwanayo pamphumi, kuti maso oipa amulambalale. Kutatsala masiku awiri okha, kathupi kanatentha m'mawa, ndipo pofika masana mwana anali atapita. Mtembo wa khanda sitiuwotcha monga timachitira ndi wa wamkulu. Amuna atatu anamukulunga m'kansalu n'kukamuika pansi pa mtengo wa mango kumtunda kwa mtsinje, popanda mwala, popanda mwambo. Akuluakulu anati, "Musalire kwambiri. Ameneyu anali asanakhale munthu, wangobwerera. Musamamutchulenso." Banjali linamvera, ndipo silinaonenso mwana wina.

Patatha zaka ziwiri, damu lalikulu litatsekedwa kumunsi, madzi anayamba kukwera. Anthu a ku Sunamuhan anasamutsidwa ndi zitseko zawo, mbuzi zawo, ngakhale mulungu wa m'kachisi anakwezedwa pa ngolo atavekedwa maluwa. Kamanda kosatchulidwa ndani akanakakweza? A Trilochan anaima pa chitunda masiku angapo kuyang'ana mtengo wa mango uja ukumira, mpaka nsonga yake inasowa. Kenaka anamanga zitini za penti pa njinga, makwerero a nsungwi paphewa, n'kupita kukafuna ntchito m'masukulu, popeza kachisi wawo anali pansi pa madzi.

Umo ndi momwe anakhalira munthu wa mapu. M'boma lathu lonse munalibe sukulu yopanda dzanja lawo: India yense pa khoma la pakhonde, chigawo chilichonse ndi mtundu wake, mitsinje yabuluu, mapiri a Himalaya oyera kumwambako. Pambali pake ankajambula mtima wa munthu ndi mitsempha yake, kapena dzuwa ndi mapulaneti ake. Munthu wa kalasi yachinayi uja anafika podziwa malikulu a zigawo zonse kuposa aphunzitsi ena, ndisawatchule. Analinso wanthabwala. Mu 2000, boma litadula zigawo zitatu zatsopano, anazungulira sukulu zonse akunena kuti, "Ku Delhi akangokangana, msana wowawa ndi wanga." Asayansi atachotsa Pluto pa mndandanda wa mapulaneti, anabwera ndi burashi yakuda, akupukusa mutu. "Kalakwanji kameneka? Kangochepa basi. Akuluakulu akati kanthu n'kakang'ono, ife timangofufuta."

Ndipo pa mapu alionse amene anajambula, m'kati mwa chikasu cha Odisha, ankaika kadontho kakuda, kochepa ngati njere ya mpiru. Mizinda yonse inali ndi mayina pambali, kokhako kanalibe. Kanali pa malo pamene panali mtengo wa mango. A Ketaki sadziwa kuwerenga, koma kadonthoko ankakadziwa, ndipo chaka chilichonse, tsiku limene mwana anapita, awiriwa ankapita pa sukulu yapafupi ana ataweruka, mayiyo n'kukakhudza ndi chala. Sukulu yapafupiyo inali yathu. Ine ndinkawaona, ndipo ndinkayesa abisala mvula. Tsiku lina ndinawauzadi kuti, "Amayi, khoma limada ndi zala." Anapepesa.

Kenaka kunabwera mapu a pulasitiki osindikizidwa ku Cuttack, owala, osafuna mmisiri. Sukulu imodzi ndi imodzi inapaka laimu pa khoma n'kupachika amenewo. Pofika 2014, mwa makoma onse aja lotsala linali lathu lokha, osati chifukwa chokonda luso lake, koma ahedi athu anali aulesi.

Chaka chimenecho kunabwera woyendera sukulu, bambo wamagalasi wokonda kugwira aphunzitsi mawu. Anaima pakhonde, ana makumi anayi ali ndondondo kumbuyo kwake, n'kuloza ndi cholembera.

"Mayi Behera, akuti inu mumadziwa zonse. Mzinda uwu ndi uti?"

Ndinayang'ana. Sambalpur anali apo, Rourkela apo. Apa panalibe mzinda uliwonse umene ndinkaudziwa. Zaka zonsezo ndinkadutsa pamenepo osakaona n'komwe.

"Buku Loyenda lasowa tsamba," anatero woyenderayo, ndipo ana anaseka mpaka ena kugwira m'mimba.

Manyazi amenewo anandikhala pakhosi milungu itatu. Ndinafufuza m'mabuku anga onse, kadontho osakapeza. Choncho mu Juni, chigawo cha Telangana chitadulidwa ku Andhra, ahedi n'kuitana a Trilochan kuti adzajambule malire atsopano, ine ndinali nditawadikira pakhonde.

Anafika akukankha njinga, atakalamba, akutsokomola. Anajambula mzere watsopanowo bwinobwino, kenaka anakhala pansi kudya mpunga wawo wogonera m'madzi ndi anyezi.

"Bambo Maharana," ndinatero, "ichi n'chiyani?"

Sanayang'ane n'komwe pamene ndinkaloza. "Aa, Aphunzitsi, imeneyo ndi ntchentche. Inatera penti ali wamuwisi, basi inakonda malo."

"Sindikuseka ine. Pa mapu kadontho kalikonse kamakhala ndi dzina. Ngati ndi mzinda, lembani dzina. Ngati si mzinda, fufutani."

"Dzina ndiye palibe."

"Ndiye fufutani."

Anasiya kudya. "Mayi, kasiyeni. Sikadya mpunga wa munthu. Zaka zonsezi kakulakwirani chiyani?"

"Kandichititsa manyazi pamaso pa ana anga. Ana amalemba mayeso, Bambo, ndipo mayeso safuna zokongoletsa. Mukakana, ndiwauza ahedi tipake laimu khoma lonseli, tipachike apulasitiki ngati anzathu."

Ndikanangofunsa kuti, kodi n'chiyani kwa inu, mwina akanandiuza. Koma ndinali ndisanafunsepo funso limene yankho lake sindikulidziwa kale, ndipo iwo anali atauzidwa zaka makumi atatu zapitazo kuti asamatchule.

"Chabwino," anatero. "Ndingopakapo chikasu pamwamba. Kazolowera kale kukhala pansi."

"Ayi. Chakuda chimatulukira pansi pa chikasu, mvula iwiri chabe chaonekanso. Palani ndi mpeni."

Ndinanena zimenezo monyada, ngati ndikuphunzitsa sayansi. Anatulutsa kampeni kawo, n'kupala pang'onopang'ono, dzanja lina atalitchera m'munsi kuti tizinyenyeswa tisagwe pansi. Atamaliza anatithira m'thumba la malaya n'kutseka batani. Ine ndinaseka, ndinati, "Mukagulitsa kodi?" Anamata laimu pabowopo, ndipo poti anali mmisiri weniweni, wosafuna chigamba, anapentanso Odisha yense kuti chikasu chifanane. Pomaliza panali see, ngati sipanakhalepo kanthu. Anamanga zitini zawo n'kunditsanzika mwaulemu, ndipo sindinawaonenso. Mu Disembala tinamva kuti chifuwa chija chawatenga.

Mvula ya chaka chotsatira, tsiku lina masana ana ataweruka, ndinapeza mayi wamfupi atavala nsalu ya sari yoyera ya umasiye, ataima pakhonde. Ankayendetsa chala pa chikasu, kukwera, kutsika, nkhope ataiyandikiza kukhoma. Ndinawazindikira kuti ndi aja obisala mvula.

"Amayi, mukufuna ndani?"

"Ndine wa a Trilochan," anatero. "Chaka chatha anandiuza kuti mwaika lamulo, alendo saloledwanso pa sukulu. Lero ndati ndiyese, mwina andimvera chisoni. Koma maso angawa atha. Aphunzitsi, ndithandizeni, mwana wanga ali pati?"

Ndinawakhazika pa benchi, ndipo zonse ndafotokozazi anandiuza pamenepo, mvula ikugwa pa malata, mopanda kulira, ngati akufotokoza za munthu wina. Ndikanatha kunamizira dzuwa kuti lafufuta penti. Koma ndinawauza zoona, mpeni womwe, thumba la malaya lomwe.

Kenaka anati, "Malaya aja ndinachapa ndine. Ndinapeza tizinyalala m'thumba, ndinatikutumulira m'ngalande. Ndinawakalipiranso, ndinati munthu wamkulu kusunga fumbi."

"Dzina lake anali ndani?" ndinafunsa. "Ndilemba ndi dzanja langa, aliyense anene zimene anganene."

"Sanandiuze. Ankati adzandiuza tsiku la phwando, ndipo tsikulo silinafike. Apita nalo."

Anaimirira, n'kumasula kona ya sari yawo. Munali kachitini kakang'ono ka mwaye wa nyali. Anatapa ndi chala cha mkombaphala, monga amachitira mayi wa khanda, n'kubwerera kukhoma, chala chili m'mwamba.

"Inu mumadziwa zonse, akutero anthu. Ingondilozerani pamene panali, ndiikapo ndekha."

Ndinaima pamaso pa mapu amene ndinaphunzitsirapo ana mazanamazana. Kadonthoko ndinakayang'anitsitsa kawiri kokha, tsiku la woyendera ndi tsiku la mpeni, ndipo masiku onse awiri maso anga anali pa manyazi anga. Ndinaloza kumunsi kwa pamene mtsinje ukukhota. Kenaka ndinasuntha chala pang'ono kumanzere. Kenaka ndinachibweza.

"Apa," ndinatero. "Kapena apa. Kusiyana kwake n'kochepa, Amayi, chala chimodzi chokha."

"Chala chimodzi pakhomapa ndi mtunda wautali bwanji?"

Funso limenelo ndinkalidziwa. Ndimaliphunzitsa chaka ndi chaka m'kalasi yachisanu, ndipo linatuluka lokha pakamwa. "Makilomita makumi awiri."

Anatsitsa dzanja pang'onopang'ono.

"Ndiye zisiyeni," anatero. "Ndingakadonthoze mwana wa eni ake, wanga akuonerera."

Anapukuta chalacho pa sari yawo yoyera, anatseka kachitini, n'kutsika masitepe kulowa mu mvula. Ndinawathamangira ndi ambulera, koma anakana, anati kwawo si kutali.

Khomalo likadalipo, ndakana kuti lipakidwe laimu, ndipo ahedi atsopano amayesa ndimakonda zakale. Ana amaima pamenepo m'mawa uliwonse kuloweza mitsinje ndi malikulu, ndipo woyendera wina aliyense amayamikira kuti mapu athu alibe cholakwika ngakhale chimodzi. A Ketaki sanabwerenso.