Mchere ndi makala pa ngodya ya nyumba ya amjomba

Ku koleji ndinachokako ndisanamalize, koma sindinachoke chimanjamanja. Ndinatuluka ndi nzeru ziwiri. Yoyamba, munthu angathe kudya nyemba chaka chathunthu osafa. Yachiwiri, chitsulo chilichonse chotalika kuposa denga chimafuna njira yotsitsira mphezi pansi. Yachiwiriyi inatsala pang'ono kuwachotsa amjomba, mlongo wawo wa mayi anga, pa udindo woitanira anthu kukaswali kumzikiti.

Nyumba yawo ili m'chigwa kufupi ndi Namwera, kumene netiweki imafika ngati mkamwini wamanyazi, kuima kumsewu osalowa. Anagula antena kuti aziona adzukulu awo a ku Joni pa foni ali pakhonde. Poti wophunzira wa pabanja ndine, ngakhale wa theka, ntchito inagwera ine.

Zakumwamba ndinazichita mwaulemu wake. Paipi yonyamula antena ndinaiimika mbali yopanda mawaya a magetsi, kuti ikati igwe, igwere chinangwa. Makwerero ndinawamangirira ndi chingwe, amjomba atagwira m'munsi uku akupemphera chapansipansi. Pa malata ndinkaponda mzere wa misomali wokhawokha. Polumikizira ndinakulunga tepi, ndipo kebulo ndinaigwetsa pang'ono isanalowe pakhoma, kuti madzi a mvula azidonthera panja m'malo moitsatira mpaka pabedi.

Zinavuta ndi zapansi. Waya wa mphezi amathera pa chitsulo chokhomedwa m'nthaka, ndipo nthaka ya pamenepo inali youma gwa. Ndinakumba dzenje pa ngodya ya nyumba, n'kuthiramo makala ndi mchere kuti pazisunga chinyontho. Ndili mkati mothira, ndinamva wina akutsokomola. Aneba, bambo ogula fodya, anali atasuzumira pampanda.

"A koleji, zimenezo munaphunzira m'kalasi kapena kwa sing'anga?"

Ndinawafotokozera za mphezi, modekha, ndi manja omwe. Pamenepo ndiye ndinaononga. Kwathu munthu akamakwirira mchere ndi makala pa ngodya uku akutchula mphezi, ndiye kuti akutsirika nyumba. Funso limangotsala limodzi: mpheziyo ikabwezedwa, ikagwera kwa yani?

Dzuwa lisanapendeke nkhani inali itafika kumzikiti, akuti woitanira anthu kwa Mulungu wakwirira mankhwala. Amjomba anabwerako osamwetulira.

"Mphwanga, kafotsere dzenje lija. Ashehe akuti alankhule nane Lachisanu."

"Ndifotsera, amjomba. Koma ndiyamba ndatsitsa antena. Paipi yopanda waya wapansi sindingaisiye pamwamba pa mutu wanu, mvula ili pakhomo."

"Nanga adzukulu?"

"Muzikawaonera pachulu cha kumsewu chija, ngati kale."

Anasisita ndevu. Kenako anati dzenje ndilisiye momwemo, chitsulo ndisakhome.

Lachisanu, swala itatha, amjomba sanadikire kuitanidwa. Anabwera kunyumba ndi ashehe, amuna ena angapo, ndi aneba aja ali pambuyo. Anawazunguliritsa dzenje. Ashehe anawerama, n'kutapa mchere pang'ono, n'kulawa.

"Wa m'golosale," anagamula motero.

Ine ndinakonza pakhosi kuti ndiyambe phunziro lomwe ndinalikonzekera, koma amjomba anandilanda hamala n'kuwapatsa aneba.

"Achimwene, inu ndi amene maso anu amaona patali. Phewa langa likuwawa. Tandikhomereni chitsulochi."

"Ine?"

"Inu nomwe. Ngati ndi chitsulo, ndi chitsulo. Kapena mukuopa kuti chili ndi mphamvu?"

Funso limenelo, pamaso pa ashehe, lili ndi yankho limodzi lokha. Aneba anayang'ana kumwamba, anayang'ana pansi, anatchula dzina la Mulungu kuti Bisimila, n'kuyamba kukhoma. Anakhoma mwaukali moti chitsulo chinalowa kuposa momwe ine ndikanathera. Ndinamangirira waya, ndinafotsera, ndinathira ndowa ya madzi. Wina anafunsa ngati mphezi ikatsika imadutsa pansi kupita kwa ena. Aneba, akupukuta thukuta, anayankha okha kuti ayi, imathera pompo, iwo akudziwa chifukwa ndi amene akhoma.

Nthawi ya swala yotsatira itakwana, mawu amene anamveka kuchokera kumzikiti anali a amjomba, osasa mofanana ndi kale. Atabwerako anakhala pakhonde n'kuimbira adzukulu, foni ataiyandikiza kwambiri moti ku Joni ankangoona ndevu.