Desiki ya Kumbuyo ya Taonga

Lachisanu, 14 Novembala

Ndinadzuka ndi mtima wolemera. Dzulo Atate ananena kuti mng'ono wanga Taonga abwereza giredi 3, chifukwa mayeso onse a chaka chino walephera ndipo powerenga amangoganizira mawu. Taonga analira mpaka kukana chakudya. Ndinapempha Amayi kuti ndipite naye ku Kabwata kwa Madamu Zulu, amene anandiphunzitsa kuwerenga tisanasamukire kuno ku Chelstone. Ife a giredi 11 atipumitsa popeza a giredi 12 akulemba mayeso, ndiye Amayi anavomera.

Tinakwera minibasi dzuwa litayamba kale kuwotcha. Kondakitala anayang'ana Taonga n'kunena kuti, "Ba sisi, uyu ni mukulu, alipila. Olo mumunyamule pa mendo." Ndinamunyamula, n'kulipira makwacha khumi ndi asanu a ine ndekha. Tisanafike n'komwe pakati pa njira, miyendo yanga inali itachita dzanzi.

Pafupi nafe panakhala mayi wina wonyamula thumba la tomato. Anafunsa chifukwa chake mwana sali kusukulu, ndipo nditamufotokozera anapukusa mutu.

"Ma sukulu ya boma yasila, mwana wanga. Bana bambili, ticha umodzi. Ine nisebenza ku Kabulonga, kamwana ka ba bwana ka nasale kabelenga na nyuzi!"

"Kabelenga olo kaona chabe vithunzi?" anatero bambo wina kumbuyo. Basi yonse inaseka, koma Taonga anangoweramitsa mutu.

M'tauni tinatsika pakati pa phokoso la anyamata oitanira basi. Ndinagula vitumbuwa viwiri kwa mayi wa pasiteshoni, tinadya tili chiimire, kenako tinakwera ya ku Kabwata. Titadutsa nyumba zosanjikizana zija, ndinayamba kusuzumira pawindo. Kantemba komwe tinkagula mafiriziti kalipobe, koma tsopano amagulitsamo zikwama za mafoni.

Sukulu ndinaipeza yaing'ono kuposa momwe ndimaikumbukirira. Mtengo wa mango womwe tinkabisalako pothawa kusesa anaudula, pamalo pake pali kalasi yatsopano yopanda magalasi m'mawindo. Koma belu ndi lomwe lija, chitsulo cha gudumu la galimoto chopachikidwa pamtengo. Litalira, ana a m'mawa anatuluka ngati njuchi, a masana akudikira pakhomo kuti alowe m'makalasi omwewo. Fungo la choko ndi fumbi linandibwezera masiku amene ndinkavala nsapato za mkulu wanga zothiramo mapepala.

Madamu Zulu anali akufufuta bolodi. Tsitsi layera, koma mawu ndi omwe aja.

"Misozi! Iwe wamene unali kulila ngati wapeza naini pa teni? Wakula, mayo!"

Ndinagwada pang'ono powapatsa moni, n'kuwafotokozera za Taonga. Sanamufunse mafunso a m'buku. Anangoti, "Ku sukulu kwanu unkala pati mu kilasi?"

"Kumbuyo," anayankha Taonga motsitsa mawu. "Bamene bapasa bankala kusogolo. Ise bolepela tinkala ku chipupa."

Ndinakumbukira kuti nafenso tinkakhala choncho. Mayeso akatha, aphunzitsi ankatisanja monga mwa mamakisi, ndipo ine ndinkanyadira desiki yanga yakutsogolo. Sindinkatembenuka n'komwe kuona amene ali kumbuyo.

Madamu analemba chiganizo pabolodi, n'kutuma Taonga kukaima kukhoma lakumbuyo. Taonga anatsinzina pang'ono, n'kusuntha milomo, koma sanatulutse mawu. "Sendela," anatero Madamu. Anasendera, osawerengabe. "Sendela futi." Atafika padesiki yachiwiri, Taonga anawerenga pang'onopang'ono, koma osaphonya: "Amayi apita kumsika kukagula kapenta."

Madamu anakhala padesiki, choko chili m'manja.

"Uyu mwana si wopusa. Saona patali. Analepela kamodzi, bamupeleka kumbuyo, manje kumbuyo saona, alepela futi. Na ine nimachita vamene ivi, Misozi. Bana bafika ku chitseko, ningaziwe bwanji maso ya aliyense?" Anayang'ana madesiki akumbuyo kwa kanthawi, pomwe ana a masana anali atayamba kupanikizana anayi anayi. Kenako anakuwa kuti, "Imwe ba ku chipupa, lelo bwelani kusogolo!"

Pobwerera Taonga anagona pachifuwa panga kuyambira m'tauni mpaka ku Chelstone. Ine ndinkaganiza za anzanga akale amene ankakhala kukhoma, monga Mabvuto amene anasiyira giredi 6. Tinkamutcha mbuli. Sindikudziwa ngati ankaliona bolodi.

Atate afika mochedwa, atatopa, ndipo sindinafune kuwayamba nkhaniyi ali ndi njala. Mawa m'mawa ndidzalemba mawu aakulu pakatoni, ndidzawaitana Atate pabwalo, ndipo Taonga adzaima kugeti n'kumasendera mpaka awerenge iwo akuona. Akatero ndidzawapempha kuti Lolemba tisapite kusukulu kwa Taonga kukanena zobwereza kalasi, koma tipite naye kuchipatala cha maso.