Akufunanso wosewera wathu, achimwene

Achimwene Che Amidu, msika wogula ndi kugulitsa osewera ukutsekedwa Lachisanu, ndipo timu ya m'tauni ikufuna mnyamata wathu womwetsa zigoli. Komiti yagawikana. Ena akuti timugulitse, ena akuti timukanize, tikatengenso awiri ku Chisi kuti tilimbirane chikho. Onse akuyang'ana ine, poti wezulo yanu ija munasiyira ine.

Ndakumbuka chaka chomwe ankafuna goloboyi wathu, Yusufu. Tinali ku Likangala tikupirikitsa mbalame mumpunga wanu, ine ndikulongolola kuti chikho chili pafupi. Inu munaponya chibuma, mbalame n'kuuluka, kenako munati, "Iwe, chikho adzapikisananso chaka chamawa. Mwana wa eniyu adzamufunanso liti? Msiye apite." Fainolo tinaluza, ndipo ndinakunyanyalirani mpaka mpunga unakololedwa. Koma tsiku la maliro anu Yusufu anafika ali fumbi lokhalokha. Anagwira jeneza, chonyamulira thupi lanu, ndipo ngakhale anthu ankalandirana, iye anakana kuti wina amulandire mpaka kumanda. Komiti inene zonena zake, mnyamata womwetsa zigoliyu ndikamukweza ndekha minibasi ya m'tauni. Allah akuwalitsireni manda, kochi wanga.