Nsapato za Achemwali

Dzulo ndinadutsa pa wosoka nsapato mumsika wa Mzuzu, ndipo fungo la chikopa ndi guluu linandiimitsa panjira.

Achemwali anga, a Esinati, analumala miyendo ndi poliyo ali aang'ono. Tikukhala ku Mchengautuwa, kunabwera mayi wa ku ofesi yothandiza olumala atanyamula nsapato zakuda zolumikiza ku zitsulo zofika m'ntchafu. Pakhomo pathu panalibe mwana amene anavalapo nsapato. Achemwali akavula, ine ndinkazinunkhiza.

Zitsulozo zinkawadya kuseri kwa mawondo mpaka zilonda zinayamba kuchucha. Bambo anawaletsa kudandaula, pakuti masiku amenewo kunyoza mphatso ya boma kunali kudziputira mlandu.

Mayi uja atabweranso kudzaona, anafunsa bambo, osati mwini miyendo.

"Zikumukwana makora, adada?"

"Zikukwana, mayi. Yewo chomene," bambo anayankha mothokoza.

Achemwali anayankhula chapansipansi: "Zikundicheka."

Ine ndinayesa matama chabe. Munthu angalire bwanji ali ndi nsapato?

"Ngati sakuzifuna, mundipatse ine," ndinatero.

Onse anaseka, bambo kuposa aliyense. Mayi uja anandisisita kumutu, nakwera njinga yake.

Achemwali anapitiriza kuvala zitsulozo mpaka chilonda china chinalowa mkati, ndipo mwendo wakumanzere anakaudula kuchipatala. Sanandikumbutsepo za tsiku lija mpaka kumwalira kwawo.

Sukulu ndinaiyamba ndevu zitamera, ndipo zoti wolandira thandizo ali ndi ufulu wofunsidwa ndi kumvedwa ndazimva nditakalamba. Achemwali ananena zoona kamodzi kokha, koma mawu awo anamira m'phwete limene ndinayambitsa ine.