Mpando wa Achemwali Pamzere Wachitatu

Achemwali anga anagwira ntchito ya m'nyumba ku Onaiza, mumzinda wa Doha, zaka zisanu ndi zinayi, ndipo pazaka zonsezo anandipempha chinthu chimodzi chokha: kuti tsiku lina ndidzawatenge akaonere zisudzo za m'sitima. Ine ndine namwino, ndimakhala ku Najma m'nyumba ya lendi ndi anzanga awiri. Tinkakumana Lachisanu, tsiku la ofu yawo, n'kumayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa nyanja. M'nyengo yozizira kudoko kumakocheza sitima zikuluzikulu za anthu okacheza panyanja, zoyera mbee, zazitali kuposa nyumba zambiri za ku Najma. Achemwali akaona imodzi ankaima, manja m'chiuno.

"Iwe, akuti m'menemo muli holo yeniyeni," ankatero. "Anthu amakwera nsalu mpaka kudenga, n'kumauluka."

Zimenezi anazimva kwa ana a madamu awo. Banjalo linakwerapo sitima yotere chaka china, iwo n'kutsala pakhomo ndi amphaka awiri. Anawo atabwerako anawafotokozera zonse kukhitchini, ndipo nkhaniyo inawalowa m'mafupa.

Zinali zosadabwitsa. Kwathu ku Ntcheu achemwali anali katswiri wa masewero a kutchalitchi. Ankavala jekete la bambo athu, n'kudzipaka makala kuchibwano, n'kusanduka mwamuna woledzera wobwera kunyumba akudzandira. Azimayi ankaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga za zitenje. Siteji yawo inali khonde la sukulu, katani yake mabulangete awiri opachika pachingwe. Koma holo ya mipando yofewa ndi magetsi osinthasintha anali asanalowemo chibadwire.

Ine ndinkangoti chaka chamawa, achemwali. Chaka chamawa chikafika ndinkatinso chaka chamawa. Kenako anayamba kuonda. Ndinawaperekeza kuchipatala, ndipo Chingerezi cha dokotala iwo anatolapo pang'ono, koma ine ndinamva zonse. Anasankha kubwerera kumudzi, kwa mwana wawo wamkazi, ndipo madamu awo anavomera. Kutatsala masabata atatu kuti anyamuke, ndinagula malo a anthu awiri paulendo wa masiku atatu. Ndinkadziwa kuti chaka chamawa cha achemwali chinali chitatha.

Tsiku lokwera sitima, mayi wa padesiki anatipatsa makhadi a chipinda n'kulankhula zambiri za apu ya pafoni. Ine ndinangogwedeza mutu ngati wodziwa, poti wophunzira pabanja pathu ndine. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadya phula lodzaza mkamwa tsiku lomwelo.

Chisudzo chachikulu, cha anthu okwera nsalu chija, chinali choti chionetsedwe kawiri kokha, madzulo oyamba ndi madzulo otsiriza, seveni koloko. Ife tinafika kuholo faifi koloko, tinapeza zitseko zili pululu, anthu awiri akukolopa. Achemwali anaima pakhomo akuyang'ana mipando yofiira yoyala mpaka kumwamba. Kenako anatsikira kutsogolo, anavula chitenje chawo cha maluwa achikasu, n'kuchiyala pamipando iwiri ya pakati, monga timachitira kutchalitchi tsiku la Khirisimasi. Kwathu chitenje chikagona pampando, ngakhale mkazi wa abusa amafuna pena.

"Khalas, basi zatheka," anatero, akusisita makwinya a chitenjecho. "Tiye tikadye."

Titabwerako tinapeza mzere wautali. Pakhomo panali mtsikana wa yunifolomu akugunditsa khadi la munthu aliyense pakamakina. Pakatebulo pambali pake panali chitenje cha achemwali, chopindidwa bwinobwino. Mtsikanayo anatiuza mwaulemu kuti malo amasungitsa pafoni, kuti anthu anawatha atangokwera sitima masana, ndipo kusungira mpando ndi nsalu kapena chikwama n'kosaloledwa.

Ine mtima wanga ndi wapachala, odwala anga amadziwa. Ndinayamba kukweza mawu. Ndinati tinabwera kuno anthu onsewa asanasambe n'komwe. Ndinati aitane wamkulu wake. Anthu a pamzere anayamba kutembenuka. Achemwali anandikoka mkono.

"Iwe, usatichititse manyazi. Mwanayu ali pa duty, malamulo sanapange ndi iye." Anatenga chitenje chija n'kuchitembenuza uku ndi uku. "Koma wapinda bwino, waona? Ameneyu analeredwa."

Madzulo amenewo tinakhala pakhonde la sitima, tikuona magetsi a Doha akutalikira. Pansi pa mapazi athu tinkamva ng'oma za muholo zikugunda. Ndinatsegula apu ija, mochedwa ngati mvula ya m'mwezi wa Epulo, n'kupeza kuti madzulo otsiriza nawonso malo anali atadzaza.

Mtsikana yemwe uja ndi amene anandipatsa nzeru m'mawa mwake, nditapita kukapepesa mutu uli pansi. Anati anthu ena amabweza malo awo, choncho ndizisuzumira pafoni pafupipafupi, komanso ndilembetse dzina pawindo la matikiti. Tsiku lachiwiri sitima inaima ku Abu Dhabi, anthu anatsika kukaona mzinda, ine sindinatsike. Ndinangokhala pakati pa windo ndi foni. Ndinadya foni ili m'manja, ndinalowa nayo kubafa. Bambo wa pawindo anafika pondidziwa, akandiona ndikubwera ankapukusiratu mutu.

Nthawi yonseyi achemwali ankayesetsa kukhala mlendo, koma zinkawakanika. Ankayala bedi woyala bedi asanabwere. Tikatha kudya ankasanja mbale, zazikulu pansi, zazing'ono pamwamba, mafoloko mbali imodzi. Ndinkawamenya padzanja.

"Siyani, achemwali. Pali anthu a ntchito imeneyi."

"Nanga ine ndine ndani?" ankayankha akuseka.

Ndinkaseka nawo. Panopa ndikakumbukira yankho limenelo, mtima umandipweteka.

Tsiku lachitatu, cha m'ma thuu koloko masana, mipando iwiri inatseguka. Ndinaidina nthawi yomweyo. Sinali yoyandikana: umodzi unali pamzere wachitatu, pakati penipeni, wina kumwamba, kumbuyo kwenikweni, komwe anthu a pasiteji amaoneka ngati zidole. Sindinaganize kawiri. Ndinathamangira kuchipinda n'kuwadzutsa achemwali, amene masana onse ankagona chifukwa cha ululu wa m'mimba.

Anavala diresi lobiriwira limene ankasungira tsiku lofika kumudzi. Anamanga duku wachikasu, anadzola mafuta mpaka zigongono kuwala. Chitenje chija anachiponya paphewa chifukwa muholo munkazizira ngati m'firiji. Ndinawatsitsa masitepe ndekha, ndinawakhazika pampando wawo, ndinawayala chitenjecho pamaondo.

"Musachoke pano mpaka ndidzakutengeni," ndinatero.

"Yes, madamu," anandiyankha, n'kunditsinzinira diso.

Ndili kumwamba kuja ndinkatha kumuona duku wachikasu uja pakati pa mitu ya anthu. Magetsi anazima. Nyimbo inayamba. Cha kutsogolo kunamveka khanda likulira, linalira kwa kanthawi, kenako linaleka, ndipo ine sindinaganizepo kanthu. Nsalu ziwiri zofiira zinatsika kuchokera kudenga. Mtsikana wina anazikwera ndi manja ndi mapazi okha, anadzikulunga nazo m'chiuno, kenako anadzitaya pansi mutu uli kunsi, holo yonse n'kugwira mpweya, iye n'kuima lendee mphuno itatsala pang'ono kugunda siteji. Panabweranso mwamuna wa nsapato zazikulu amene ankadzandira ndi thireyi ya matambula osagwetsa n'limodzi lomwe. Nditamuona ameneyo ndinakumbukira jekete la bambo athu, ndipo ndinalira mumdima muja. Chodabwitsa chilichonse chikachitika, mumtima ndinkati achemwali akuona, achemwali akuona.

Magetsi atayaka ndinayang'ana pamzere wachitatu. Mpando wa pakati unali wopanda munthu.

Namwino amaganiza zoipa poyamba. Ndinatsika masitepe ndikukankha anthu, ndikuganiza kuti akomoka, awatengera kuchipatala cha m'sitima. Ndinawapeza panja, m'kanjira ka pafupi ndi chitseko, akuyenda uku ndi uku pang'onopang'ono. Kumbuyo kwawo kunali khanda la eni, atalibereka ndi chitenje cha maluwa achikasu, lili m'tulo tofa nato. Ankaliimbira chapansipansi. Diresi lobiriwira lija linali litanyowa ndi dovu paphewa.

Ndinamva pambuyo pake mmene zinakhalira. Pambali pawo panakhala mayi wachitsikana ndi ana atatu. Khanda litayamba kulira, wogwira ntchito anabwera kudzamupempha mayiyo kuti atuluke nalo. Ana awiri aakuluwo atamva zotuluka anayamba kulira nawonso. Achemwali anangotambasula manja. Mayiyo anatuluka kawiri kudzaona mwana wake, ndipo kawiri konse achemwali anamubweza. "Yalla, go, go," anatero. Katani inali itangotseguka kumene pamene anadzuka pampando paja.

Mayi uja anabwera akumwetulira, anamasula mwana wake, anathokoza kambirimbiri. Kenako anatembenukira kwa ine n'kundifunsa m'Chingerezi ngati achemwali ali ndi bwana kale ku Doha, poti iye wakhala akufunafuna munthu wodziwa ana chonchi. Ndikanatsegula pakamwa, akananditsitsa m'sitima pakati pa nyanja.

Mkwiyo wonsewo ndinakawukhuthulira pa achemwali, titangotseka chitseko cha chipinda.

"Masiku awiri ndakhala ndikupempha ngati wamasiye pawindo paja chifukwa cha mpando umenewo. Masiku awiri. Kodi inu munabadwira kubereka ana a eni? Tsiku limodzi lokha simungakhale pansi ngati munthu?"

Anakhala pabedi, akuvula nsapato movutikira.

"Ndikanaonera bwanji, khanda likulira pambali panga? Mwana wa mnzako ngwako yemwe, iwe. Ndiye tiana tiwiri tija tinavala bwino, tinkadikira ngati ine ndemwe." Anapumira kaye, dzanja lili pamimba. "Mafi mushkila, palibe vuto. Nyimbo zonse ndazimva pachitseko. Tandiuza, anakweradi nsalu?"

"Sindikuuzani. Mukanakhala pampando wanu."

Anandiyang'ana, kenako anapinda chitenje chija n'kuchiika pansi pa pilo.

Ndinali ndi nthawi yokonza zimenezi. Ndimafuna ndinene kuti sindinali nayo, koma kungakhale kunama. Panali masabata awiri asananyamuke. Ndinawathandiza kulongedza, ndinawagulira mankhwala a miyezi itatu, ndinalemba pabotolo lililonse m'Chichewa nthawi yomwera. Zonsezo ndinachita nkhope ili gwaa. Kubwalo la ndege anandigwira dzanja n'kufunsanso, akumwetulira ngati akunyengerera mwana.

"Nanga za nsalu zija?"

"Ndidzakuuzani pafoni. Lowani, muchedwa."

Lero ndikudziwa kuti sindinkakwiyira iwo. Ndinkakwiyira chotupa chimene chinkawadya m'mimba, ndi zaka zisanu ndi zinayi zimene anathera atawerama pamabafa a ana a anthu ena, komanso ine mwini ndi chaka chamawa changa chija. Koma chotupa sungachikalipire. Amene anali pafupi ndi achemwali, ndiye ndinakalipira iwo.

Atafika kumudzi tinkalankhulana pafupifupi tsiku lililonse. Nkhani zathu zinali za mankhwala, za phala, za ululu ngati wachepa. Kamodzi anafunsanso za holo ija, ndili pantchito, ndipo ndinati ndidzayimba ndikaweruka. Nditaweruka ndinali nditatopa.

Lachisanu lina mwana wawo anandiuza kuti asiya kudya ndipo awagoneka kuchipatala cha boma. Masana ake ndinakwera basi kupita m'mbali mwa nyanja muja, pamalo pomwe tinkaima. Kudoko kunali sitima ina, yoyera ngati yathu ija. Ndinakhala pabenchi, ndinadina foni n'kuyamba kujambula uthenga wa mawu. Ndinafotokoza zonse, kuyambira pomwe magetsi anazima. Ndinanena za nsalu zofiira, za mtsikana wodzitaya mutu uli kunsi, za mayi amene ankasintha diresi munthu usanaphethire. Ndinayeseza mayendedwe a mwamuna wa thireyi uja ndi mawu okha, n'kuwauza kuti sankawafika iwo olo pang'ono, poti analibe makala kuchibwano. Anthu odutsa ankandiyang'ana, mayi wamkulu ndikuseka ndi kulira ndekha pabenchi. Pomaliza ndinapepesa.

Uthengawo unapita. Pansi pake panaoneka timizere tiwiri totuwa, kusonyeza kuti wafika koma sunatsegulidwe. Foni yawo inali itatsala kunyumba, m'chikwama. Anamwalira m'mawa wa Loweruka, ndipo anawafunditsa chitenje cha maluwa achikasu chija powatulutsa m'wodi.

Timizere tija tikadali totuwa mpaka lero. Uthengawo ndi wautali, ndipo umayamba ndi mawu akuti, "Achemwali, anakweradi nsalu." Nyengo yozizira ikafika, sitima zikayamba kukocheza kudoko, ndimautsegula pabasi popita kuntchito. Amene anaumvapo ndine ndekha.